Kutchaja batire ya galimoto ndi tchaja yotchipa yodzizimitsa yokha

Achimwene, mwafunsa za batire ya galimoto yongokhala pakhomo. Yambani mwatsegula zivindikiro muone madzi. Kutentha kwa kuno ku Mangochi kumawaumitsa msanga, ndiye onjezerani madzi a batire ogula (distilled water), osati asidi kapena a m'nyanja. Palani zoyera zoundana pamitu zija.

Panani chopanira chofiira cha tchaja pa +, chakuda pa −, sankhani 12V, kenako lumikizani kukhoma. Tchajirani pakhonde podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, chifukwa mpweya wotulukawo umayaka.

Nyali yobiriwira ikayaka, zimitsani kukhoma musanachotse zopanira. Yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6V ikapumula.

Batire ya njinga yamoto ichepetsereni mphamvu (ma amp) pa tchaja. Ya lithium ndiye musayerekeze n'komwe, pokhapokha tchajayo italembedwa choncho.