Mmene mungalembere za ulendo wanu wauzimu osathira mchere

Azakhali anga a ku Chilenje anapita ku Rishikesh ku India, anakhalako masabata atatu pa ashram, malo okhalako anthu ophunzira zauzimu, ndiye chibwerereni mtima uli pa kulemba buku basi. Loweruka lililonse ndimapita kukawataipira pa laputopu, ndipo zomwe ndikuuzeni panozi ndazitola patebulo pawo pomwepo.

Musanalembe chiganizo chilichonse dzifunseni kaye, kodi ichi ndinachiona ndi maso anga, ndinachita kuuzidwa, kapena ndi zomwe zinachitika mumtima mwanga? Zitatu zonsezi zili ndi malo m'buku, koma osaziphika mumphika umodzi ayi. Azakhali analemba kuti anakumana ndi yogi, munthu wodzipereka pa kusinkhasinkha zauzimu, amene sanadye masiku 40. Ndinawafunsa kuti azakhali, masiku 40 onsewo munali naye? Ati ayi mwanawe, ndinamuona kawiri kokha m'mamawa atakhala pa masitepe otsikira ku mtsinje wa Ganges, phulusa thupi lonse, maso ali tsinzi, za masikuzo anandiuza ndi mnyamata wogulitsa tiyi. Ndiye tinalemba chomwecho, kuti mnyamata wa tiyi ndi amene ananena, ndipo nkhaniyo inakoma kuposa poyamba chifukwa manje owerenga akumuona yogiyo, akumuonanso mnyamatayo ndi ketulo yake.

Ngakhale Paramahansa Yogananda, amene buku lake la Autobiography of a Yogi linatuluka mu 1946, analemba zambiri za mphunzitsi wauzimu Lahiri Mahasaya pomwe mkuluyo anamwalira mu 1895 Yoganandayo ali ndi zaka ziwiri zokha. Nkhani zambiri anachita kumva kwa ophunzira a mkuluyo, monga Sri Yukteswar, ndipo amatchula amene anamuuza. Kukhulupirira kapena ayi zili kwa inu, koma mukudziwa komwe nkhani yachokera.

Za madeti musadalire mutu. Tsegulani pasipoti muone masitampa, fufuzani matiketi, zithunzi za mu foni, mavoisi omwe munkatumizira ana pa WhatsApp. Ngati simunanyamuke, gulani kope lolimba ku Kamwala ndipo muzilemba usiku uliwonse musanagone, olo mizere isanu, chifukwa nkhani mukaifotokoza kangapo ku tchalitchi ndi pa maliro imanenepa yokha inu osadziwa.

Mawu a guru, mphunzitsi wanu wauzimu, ndiye povuta. Iye analankhula Chihindi, womasulira anaika m'Chingerezi, inu mukulemba m'Chinyanja patapita chaka. Ngati simunajambule mawuwo kapena kulemba tsiku lomwelo, musawaike ngati ndi mawu ake enieni, ingonenani kuti mmene ndinamvera ine ankatanthauza zakuti zakuti. Sizichotsa ulemu wake olo pang'ono.

Pomwe ndimalimba mtima kwambiri ndi pa machiritso. Azakhali amati kupuma kwa yoga kotchedwa pranayama kunawatsitsira BP, ndipo ine sindiwatsutsa, nkhope yawo inabwera yowala ndithu. Koma mapiritsi a ku kiliniki ankamwabe m'mawa uliwonse, ndiye ndinawapempha kuti zimenezonso zilowe m'buku. Pali mayi wina ku Matero kapena ku Kanyama amene adzawerenga n'kutaya mankhwala ake, ameneyo ndi amene ndimamuganizira.

Osadzipatsanso ulendo womwe simunayende. Mu 1956 kunatuluka buku la munthu wodzitcha Lobsang Rampa, ati ndi lama, mphunzitsi wa chipembedzo cha Chibuda, wokulira ku Tibet, koma mu 1958 zinaululika kuti ndi Cyril Hoskin wa ku Devon ku England, ku Tibet anali asanapondeko. Masabata atatu ndi masabata atatu, lembani chomwecho, musadzitche wophunzira wa guru amene munangomugwadira tsiku limodzi pakati pa gulu.

Anzanu omwe munali nawo apempheni kaye musanawatchule, akakana sinthani dzina ndipo munene koyambirira kuti mwasintha. Masiku owuma nawonso alembeni, tsiku lomwe munakhala ola lathunthu maondo akuwawa, maganizo ali pa renti ndi nsima ya kwanu. Azakhali ankafuna kuchotsa tsamba limenelo ati likuchititsa manyazi, tinakambirana mpaka tiyi kuzizira, kenako anati chabwino mwanawe lisiye. Sabata ino tikulemba za m'mawa umene analira okha m'mbali mwa mtsinje osadziwa chifukwa chake, ndipo chifukwacho tagwirizana kuti sitiwapekera.