Mungadziwe bwanji zaka za chikwangwani chakale cha shopu ya mphete ndi mawotchi?

Inu amene muli ku America, mukamadutsa m'timatauni tija ta msewu umodzi muzikwezako maso. Kalelo ogulitsa mphete, ndolo ndi mawotchi ankaimika chiwotchi chachikulu pa mzati wachitsulo pakhomo pa shopu, dzina lawo litalembedwa pomwepo, kuti aliyense wofuna kuona nthawi awerengenso dzinalo asakufuna. Imeneyi inali njira imodzi yotsatsira malonda.

Yambani ndi kufufuza dzina la kampani imene inapanga wotchiyo, nthawi zina limakhala m'munsi mwa mzatiwo. Mukapeza E. Howard ya ku Boston kapena Seth Thomas ya ku Connecticut ndiye kuti mwagwira chinthu chakale ndithu, ambiri mwa amenewa ndi a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1900.

Koma si onse ankayenda ayi. Mashopu ena ankangopachika wotchi yabodza yooneka ngati ya m'thumba, mivi yake yochita kujambula ndi penti, kawirikawiri italoza cha pa 8:18. Mudzamva ena akuti imeneyo ndi nthawi yomwe Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America, anamwalira, musavomere, mkuluyu anatsirizika 7:22 m'mawa mu 1865, ojambulawo ankangofuna mivi itsike m'munsi kuti dzina la shopu likwane bwinobwino pamwamba.

Zolemba zomwe mashopu ankapenta pakhoma la njerwa ndiye zimafuna kudekha. Pitani mvula itangokata kumene, khoma likanyowa zilembo zofufutika zija zimatulukira, mwinanso muona mayina awiri ataunjikana chifukwa shopu inasintha mwini ndipo watsopanoyo anangopaka pamwamba. Jambulani pafoni kenako muwonjezere contrast, kusiyana kwa mbali zowala ndi zakuda pachithunzipo. Ngati pali nambala ya telefoni werengani manambala ake, ya manambala awiri kapena atatu okha ndi ya nthawi imene munthu unkayamba waimbira opareta kuti akulumikize. Mukaona machubu a neon, agalasi owala usiku aja, dziwani kuti amenewo sanaikidwe zaka za m'ma 1920 zisanafike.

Dzina la shopu mwalipezalo pitani nalo ku laibulale ya tauniyo, mukapemphe mabuku akale a maadiresi ndi nyuzipepala zakale, muona chaka chomwe shopuyo inayamba kutchulidwa ndi chomwe inasowa.

Chonde musapale kapena kukwecha khomalo ati kuti zioneke bwino, penti yakaleyo inali ndi mtovu, fumbi lake ndi poizoni makamaka kwa ana, komanso nyumbayo ili ndi eni ake.