Momwe mungalumikizire galamafoni kunyumba popanda kuwononga mbale zanu

M'nyumba zambiri kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza muli sutikesi ya mbale zakuda zomwe akuluakulu anabwera nazo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, zina kuchokera ku Salisbury (Harare ya lero). Gumbagumba anafa kalekale, koma mbale zilipo. Kwathu ku Lizulu zinali kunsi kwa bedi la amalume, zitakulungidwa m'chitenje. Nditagula galamafoni yogwirapo kale ntchito ndinkayesa kuti n'kungolowetsa mawaya basi. Zinanditengera milungu iwiri, ndipo mbale imodzi ndinaipha. Makina mukhoza kugula ena, koma mbale ya m'ma 1970 ikakandika simudzaipeza pamsika uliwonse, choncho zonse zili m'munsimu zichitike mbale yomwe mumaikonda isanayandikire singano.

Musanalowetse pulagi, tembenuzani makinawo muwerenge kumbuyo. Magetsi athu ndi 230V pa 50Hz. Katundu wochokera ku Japan amakhala wa 100V, wa ku America 120V, ndipo mukamulowetsa pakhoma popanda thiransifoma mungomva fungo la kupsa. Makina ochokera ku Britain kapena ku South Africa alibe vutoli, mwina kungosintha pulagi. Pali kansampha kenanso: mota ina ya ku America imayendera 60Hz, ndiye ngakhale mutaipezera thiransifoma imazungulira mwaulesi, woimba n'kumamveka ngati wangodzuka kumene.

Liwiro mukhoza kuliyesa nokha. Matani kapepala m'mphepete mwa chozungulira chomwe mbale imakhalapo, ikani pa liwiro lolembedwa 33, muwerenge ndi wotchi ya pafoni. M'mphindi zitatu kapepalako kayenera kudutsa pamaso panu ka 100. Kakadutsa ka 83 kapena pamenepo, ndiye mota ya 60Hz ija. Kakapereweza pang'ono chabe, nyamulani chozunguliracho muone lamba wa labala kunsi kwake. Akakalamba amatamuka, wina amachita kusungunuka ngati phula. Lamba ndi wotchipa kuposa china chilichonse pamakinawa. Ena, monga Technics SL-1200 yomwe inatuluka mu 1972, alibe lamba n'komwe, mota imazunguza yokha.

Kenako malo. Tebulo likhale lolimba, losagwedera, ndipo bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba muiike pamwamba pa chozungulira. Kathovu kakhale pakati mbali zonse ziwiri. Simenti ya m'nyumba zathu nthawi zambiri imapendekera kukhomo, ndiye kakatoni kopinda kunsi kwa mwendo kamathandiza. Masipika asakhale patebulo lomwelo. Besi ikagunda, tebulo limanjenjemera, singano n'kutola kunjenjemerako n'kukubwezanso kumasipika, phokoso lake ngati ng'ombe ikulira m'khola.

Tsopano mawaya, pomwe ine ndinataya mlungu wathunthu. Ndinalowetsa mawaya awiri aja, ofiira ndi oyera, pamabowo olembedwa AUX pa ampulifaya. Nyimbo inamveka, koma kutali ngati ikuimbidwa tsidya la Mozambique, yopyapyala, yopanda besi. Ndinabwerera kwa amene anandigulitsa kukadandaula kuti andipusitsa, pomwe vuto linali langa. Mphamvu yotuluka pasingano ndi yochepa kwambiri, pafupifupi 5mV, pomwe DVD kapena dikoda imatulutsa yoposa pamenepo maulendo mazana. Komanso podula mbale amachepetsa dala besi n'kukweza mawu akuthwa, kuti mizere yomwe singano imayendamo isatenge malo ambiri. Muyezo wake umatchedwa RIAA ndipo unakhazikitsidwa mu 1954. Pamafunika kachipangizo kobweza zimenezi m'malo mwake. Ampulifaya zakale zili nako m'kati: funani mabowo olembedwa PHONO, mulowetse pamenepo. Ma home theatre ndi masabuufa a masiku ano ambiri alibe, ndiye mugule kabokosi kotchedwa phono preamp, kakhale pakati pa galamafoni ndi AUX. Magalamafoni ena atsopano ali nako kale, ndipo kumbuyo kuli kaswitchi kolembedwa PHONO ndi LINE. Mukaika pa LINE, pitani ku AUX. Musaike pa LINE n'kulowetsanso pa PHONO. Mawu amasweka moipa.

Pali kawaya kachitatu kopyapyala, kokhala ndi kachitsulo ngati foloko kumapeto. Ambiri amakasiya kakulendewera. Kamangeni pakasikuluwu kolembedwa GND kapena GROUND kumbuyo kwa ampulifaya. Mukamva "mmmm" wosatha ngati njuchi zalowa kudenga, yambani mwaona kameneka.

Tafika pa singano, ndipo apa musathamange. Ngati makinawo ndi akale ndipo simukudziwa kuti singano yaimba zaka zingati, gulani yatsopano. Yotha imapala mizere ngati khasu, ndipo chomwe yapala sichibwerera. Singano zambiri zimatha zikaimba maola pakati pa 500 ndi 1,000. Dzina ndi nambala yake zimalembedwa pakamutu komwe yakhalako. Jambulani ndi foni mutumizire wokugulirani ku Lilongwe kapena ku Joni, chifukwa sizilowerana mwachisawawa.

Kulemera kwa singano pambale kumayesedwa m'magalamu, ndipo kumasinthidwa ndi chitsulo chozungulira chomwe chili kumbuyo kwa mkono wonyamula singano. Kagudumu kolembedwa anti-skate kaikeni pa 0. Chotsani kachivindikiro ka singano, masulani mkono, muugwire ndi dzanja limodzi kuti usagwe. Zunguzani chitsulo chija pang'onopang'ono mpaka mkono utayandama wokha, osakwera osatsika, ngati sikelo ya pamsika ikalingana. Bwezerani mkono pampando wake. Tsopano zunguzani kamphete ka manambala kokha, chitsulo chisasunthe, mpaka 0 ayang'ane kamzere ka pamwamba. Mukatero zunguzani chitsulo chonse pamodzi ndi kamphete kufika pa nambala yomwe opanga singanoyo ananena. Singano ya Audio-Technica AT-VM95E imafuna magalamu 2, ya Ortofon 2M Red 1.8. Pomaliza anti-skate muiike pa nambala yomweyo. Ntchito yake ndi kuletsa mkono kukokekera kukatikati kwa mbale. Musapepuze dala poganiza kuti mukuteteza mbale. Singano yopepuka mopitirira imadumphadumpha mumzere n'kumagumula m'mbali mwake.

Amalume ataona mbale ikudumpha anati, "Mphwanga, ingoikani kobiri pamutu pa singanopo, ife tinkatero." Ndinamvera, poti ndi akulu. Kudumpha kunasiyadi. Koma titaiimba kangapo, nyimbo yoyamba ya mbaleyo inayamba kumveka ngati mukukazinga chimanga, ndipo ikumveka choncho mpaka lero. Chomwe chinkadumphitsa chinali dothi louma mumzere, lomwe likanachoka ndi madzi.

Tsukani motere: madzi osefedwa aja ogulitsidwa m'mabotolo kuti aziwonjezera m'batire ya galimoto, osati asidi, muthiremo kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale zodyera. Kansalu kofewa kayende motsata mizere, mozungulira, osadula mopingasa, ndipo pepala la pakati lisanyowe. Tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, muimike pamthunzi mpaka iume gwa. Madzi a pamjigo amasiya mchere m'mizere. Ngati m'sutikesimo muli mbale zolemera, zolimba ngati phale, zolembedwa 78, zimenezo ndi za mtundu wina: sipiriti imazisungunula, zikagwa zimasweka, ndipo zimafuna singano yake yokulirapo ndi makina okhala ndi liwiro la 78. Zing'onozing'ono zambiri ndi za 45, ndipo zina zili ndi bowo lalikulu lofuna kagudumu kotsekera pakati.

Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni ndi Julayi sikuvulaza mbale. Adani ake ndi dzuwa la pawindo ndi kutentha kwa malata mu Okutobala, zomwe zimaipinda ngati chipewa. Ziimikeni chilili ngati mabuku, osazisanjikiza, ndipo zisakhale pansi kapena kutsamira khoma lonyowa, poti chiswe chimakonda makatoni ake ndipo nkhungu imalowa m'mizere nthawi ya dzinja. Fumbi la chilimwe nalo silichedwa, choncho chivindikiro cha makina chizikhala chotseka mukamaliza.

Poyesa koyamba tengani mbale yomwe simungailire maliro, voliyumu ikhale pansi, mutsitse mkono ndi kandodo kake osati ndi zala. Mverani ngati masipika onse awiri akulankhula. Imodzi ikakhala chete, onani timawaya tinayi kuseri kwa kamutu ka singano: kofiira ndi kobiriwira ndi ta kumanja, koyera ndi kabuluu ta kumanzere, ndipo kamodzi kamakonda kuvuka. Magetsi akazima nyimbo ili m'kati, kwezani mkono nthawi yomweyo muzimitse pakhoma, kuti akabwera mwamphamvu asapeze singano ili pambale. Ogwiritsa ntchito sola aonetsetse kuti inveta yawo ndi ya pure sine wave, chifukwa zotchipa zija zimabweretsa njuchi zomwe ngakhale kawaya ka GND sikangazithamangitse.