Momwe Mungamangirenso Injini ya Kanjinga ka Matayala Anayi Pakhomo Panu

Kanjinga kamene ndikunena pano ndi kaja kakang'ono ka matayala anayi, ka 110cc, koyenda m'tinjira ta fumbi ndi m'matope, kokhala ndi injini yogona ya silinda imodzi. Injini zimenezi zinatengera kapangidwe ka Honda Super Cub imene inatuluka mu 1958, ndipo mafakitale ambiri a ku China amazipanga mofanana, moti mukadziwa imodzi ndiye kuti mwadziwa zambiri. Kanga kanafika pomatulutsa utsi wabuluu, kumadya oyilo, kenako kumalephera ngakhale kachitunda koti mwana angakwere akuthamanga. Injiniyo ndinaimanga kawiri. Ulendo woyamba ndinalakwitsa pa kabowo kamodzi kakang'ono, ndipo ndi pamenepo pomwe ndikhalitsepo tikafikapo.

Musanamasule nati iliyonse, yambani mwadziwa chomwe chikudwala. Bwerekani geji yoyezera compression (mphamvu ya mpweya wopanikizika m'silinda), chotsani pulagi, tsegulani throttle (chowonjezera moto) yonse, ndipo zungulitsani injini mpaka muvi utasiya kukwera. Injini yabwino imafika cha m'ma 150 psi. Ikakhala pansi pa 100, mkatimo muli vuto. Mukatero thirani kasupuni kamodzi ka oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso. Muvi ukakwera kwambiri, ndiye kuti maring'i ndi silinda zatha, chifukwa oyiloyo watseka mipata kwa kanthawi. Ukapanda kusintha, kaikirani mavalavu kapena gasiketi ya hedi, mutu wa injini. Yanga inali pa 70, nditathira oyilo inalumpha, ndipo ndinadziwiratu koyang'ana.

Tsukani injini yonse kunja isanatsegulidwe. Mchenga womwe wamatirira m'zipsepse za silinda ukagwera mkati, ntchito yanu yonse yapita pachabe. Kenako khetsani oyilo. Pansi pa injini pali mabawuti awiri oyandikana: la 17mm ndi lokhetsera oyilo, pamene la 14mm, lopendekeka lija, limagwira sipuling'i ndi kachitsulo kokunga tcheni cha timing, chomwe chimazungulitsa kamushafuti yotsegula mavalavu. Ambiri amamasula lachiwirili molakwitsa n'kudabwa sipuling'i ikudumphira m'beseni. Lero mulimasula dala, koma sungani zonse pamodzi. Oyilo wokhetsayo muyang'aneni padzuwa. Akamanyezimira ngati muli fumbi la siliva pang'ono, si zachilendo pa injini yotha. Mukapeza tizidutswa tachitsulo togwirika ndi zala, ndiye kuti pansi pa injini pafunikanso kutsegula.

Chotsani kabuleta, ekizozi ndi zonse zotchinga. Zungulitsani fulayiwilo mpaka chilembo cha T chilunjike pa kachizindikiro ka pa kesi, thupi la injini. Kumanja kwa hedi kuli bawuti lalitali lomwe limadutsa mkati n'kukagwira chivundikiro chozungulira cha kumanzere. Mukalimasula, chivundikirocho chimachoka ndipo mumaona giya ya kamushafuti ndi tcheni chake. Jambulani ndi foni pamenepo, musadalire mutu. Masulani giyayo, masulani manati anayi a pamwamba pa hedi modumphitsa, pang'onopang'ono, osaiwala timabawuti ta m'mbali tomwe timalumikiza hedi ku silinda ndi silinda ku kesi, komanso kagudumu kotsogolera tcheni komwe kali m'silindamo. Manati anayiwo ayaleni pa katoni mmene analili, chifukwa imodzi ili ndi washala ya kopa ndipo malo ake ndi amodzi okha. Tcheni chimangeni ndi kawaya kuti chisagwere mkati. Hedi ikakana kuchoka, igogodeni ndi nyundo ya mphira. Sikuludiraiva musailowetse pamsoko, aluminiyamu sachedwa kuchekeka.

Silinda ikangotuluka, tsekani pakamwa pa kesi ndi sanza yoyera musanakhudze timakilipi togwira pini ya pisitoni. Kakilipi kakagwera pansi pa injini mudzakhala tsiku lonse mukukawedza ndi maginito.

Tsopano yang'anani zomwe mwatulutsa. Yendetsani chikhadabo mkati mwa silinda. Chikamakodwa m'mizere, silindayo siingalandire maring'i atsopano n'kugwira ntchito. Yanga inali ndi mikwingwirima itatu yakuya kumbali ya kabuleta, ndipo nditaona sefa ya mpweya ndinamvetsa: siponji yake inali itang'ambika, injini inkameza fumbi kwa miyezi. Gwirani conrod (ndodo yolumikiza pisitoni ku kilankishafuti) n'kuikoka mmwamba ndi pansi molunjika. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kololedwa, koma ikamagogoda chokwera ndi chotsika, bering'i yapansi yatha ndipo pisitoni yatsopano siingathandize kanthu. Apo ndiye mufunika puller (chida chozulira fulayiwilo) ya 27mm ya mazinga a kumanzere, ndi kugawa kesi pakati kuti musinthe kilankishafuti yonse. Ine sindinafike kumeneko.

Pa silinda yokalika muli ndi njira ziwiri. Mutha kukaiboletsa kwa odziwa makina kuti ilandire pisitoni yokulirapo ndi 0.25mm kapena 0.50mm, kapena kugula silinda, pisitoni ndi maring'i zonse pamodzi. Pa tiinjini iti, kugula zonse pamodzi nthawi zambiri kumatchipa kuposa kuboletsa. Koma samalani ndi ogulitsa. Pa katoni amalemba 110cc, mkatimo muli china. Tengani pisitoni yakale ndi vernier yoyezera popita kukagula. Ya 110cc ndi 52.4mm mulifupi, pini yake 13mm. Ya 70cc ndi 47mm. Yerekezaninso kutalika kwa silinda ndi yakale, chifukwa zina za 125cc zimafanana bowo koma n'zazitali. Wogulitsa wina anandiuza kuti zonse n'zimodzi, akukana kuti nditsegule katoni. Wokana kuti muyeze, musiyeni ndi katundu wakeyo.

Hedi muiyese motere: igonekeni, thirani petulo pang'ono m'khomo lolowera mpweya, kenako lotulukira utsi, n'kuyang'ana kumutu kwa mavalavu. Pakanyowa, valavuyo ikudontha. Ichotseni, palani mwaye, pakani grinding paste pang'ono pamilomo pake, n'kuipekesa pakati pa zikhatho ngati mukupeka moto mpaka pataoneka kamzere kotuwa kozungulira konse kosadukiza. Tsukani paste yense, asatsaleko ngakhale pang'ono. Ma seal a mavalavu sinthani basi. Ndi otchipa, ndipo akauma ndi amene amatulutsa utsi injini ikangoyaka m'mawa.

Ring'i iliyonse iyeseni kaye yokha m'silinda, muikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpata wa kumapeto kwake ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata. Pa maring'i awiri apamwamba mpatawo ukhale pakati pa 0.15mm ndi 0.35mm. Ukachepa, injini ikatentha nsongazo zimagundana ndipo ring'i imathyoka. Poveka, tizilembo ta pa ring'i tiyang'ane kumwamba, mipata yake italikirane madigiri 120. Pisitoni ili ndi chizindikiro cha IN, chimenecho chiloze kumbali ya kabuleta. Timakilipi ikani tatsopano ndipo mumve kuti talowadi m'ngalande yake.

Apa ndi pomwe ndinapwetekera injini yanga. M'injini zimenezi mulibe paipi yakunja yokweza oyilo ku hedi. Pampu imakankha oyilo kudutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri ka pa kesi, pafupi ndi tsinde la limodzi mwa mabawuti anayi aatali omwe manati a hedi aja amamangidwapo. Oyiloyo amakwera motsata bawutilo, lomwe nati yake ili ndi washala ya kopa ija, n'kulowa m'kachivundikiro ka kumanja kwa hedi, kenako kumafika ku kamushafuti ndi ma rocker, tizitsulo tokankha mavalavu. Njira ndi yomweyo basi. Ikatsekeka, pansi pa injini oyilo amakhala wodzaza, pa dipstick yoonera oyilo zonse zimaoneka bwino, koma kumtunda kumayenda kouma.

Ulendo woyamba ndinagula magasiketi otchipitsitsa, opyapyala ngati pepala la m'kope. Poopa kuti adontha, ndinapaka silikoni wofiira mbali zonse ziwiri za gasiketi yapansi pa silinda, mosaumira. Nditamanga manati, silikoni uja anafinyikira mkati n'kukatseka kabowo kaja. Injini inayaka bwinobwino, utsi kulibe, mtima wanga unakhala m'malo. Patangopita mphindi zochepa ndikuyenda nako, kumutu kunayamba kaphokoso kakuti tetete, ine n'kumati ndi mpata wa mavalavu, ndikonza madzulo. Phokoso linakula, mphamvu inatsika, ndipo nditaima hedi inali ikununkha chitsulo chopsa. Nditatsegula kachivundikiro ka valavu, mkati munali mouma gwa. Nsonga za kamushafuti zinali zitasanduka zabuluu, ma rocker atadyeka mpaka kuchita dzenje. Nditachotsanso silinda ndinapeza kanthongo kofiira, kochepa kuposa mutu wa machesi, kali pakamwa pa kabowo. Ndalama yomwe ndinapulumutsa pa magasiketi inali yosakwana n'komwe kugula rocker imodzi, koma ndinagula kamushafuti, ma rocker awiri ndi magasiketi ena.

Ndiye chitani izi. Palani gasiketi yakale yonse, sanza ili pakamwa pa kesi, osakanda aluminiyamu. Pezani kabowoko, kapemerereni ndi carb cleaner kapena mpweya, mutsimikize kuti n'kotseguka. Waya wonenepa musalowetsemo, kukula kwake anachita kuyeza kuti oyilo agawike bwino pakati pa hedi ndi pansi. Gasiketi yatsopano iikeni pamwamba pa yakale muone ngati mabowo onse akufanana. Zina zotchipa zimabwera bowo la oyilo litaphonya kapena litang'ambika theka. Iikeni youma, popanda silikoni. Ngati mukufuna kuti igwire pomwe mukumanga, kagirizi kochepa kakwana. Timphira tozungulira ndi timadowelo tomwe munapeza pakati pa kesi, silinda ndi hedi tibwerere malo ake onse. Gasiketi ya kachivundikiro ka kumanja kwa hedi nayonso ili ndi njira ya oyilo, musaitembenuze. Popeza mwafika kale apa, tsegulaninso chivundikiro cha kilatchi mutsuke kasefa kawaya ka oyilo komwe kali pansi pake, chifukwa zinyenyeswa za injini yakale zimaunjikana pamenepo.

Pakani oyilo m'silinda ndi pa pisitoni, finyani maring'i ndi zala limodzilimodzi pomwe silinda ikutsetsereka. Ikakana, musamenye, pali ring'i yomwe yatuluka m'ngalande. Dutsitsani tcheni, bwezerani kagudumu, ikani hedi. Manati anayi amangeni modumphitsa, maulendo awiri kapena atatu, mpaka 10 kapena 12 Nm. Mabawuti ake ndi oonda, dzanja lolemera limawadula kapena kuzula mazinga m'kesi, choncho torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, ibwerekeni ngati mulibe.

Timing ndi yosavuta. Fulayiwilo pa T, kachizindikiro ka O ka pa giya ya kamushafuti kalunjike pa kamphako ka pa hedi, nsonga za kamushafuti zisakankhe ma rocker. Bwezerani chokunga tcheni, zungulitsani ndi dzanja maulendo awiri athunthu, n'kuonanso zizindikiro. Zikaphonyana ndi dzino limodzi, bwerezani. Mukamva chogunda pozungulitsa, imani pomwepo. Mpata wa mavalavu ndi 0.05mm onse awiri, injini ili yozizira.

Oyilo thirani 10W-40 wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA chifukwa kilatchi imasambira mu oyilo yemweyo, pafupifupi malita 0.8. Pulagi ndi C7HSA, mpata 0.6mm mpaka 0.7mm. Sefa ya mpweya yatsopano, yonyowetsedwa ndi oyilo pang'ono. Kabuleta itsukeni, mubwezere mawaya ndi ekizozi.

Musanaike pulagi, zungulitsani injini ndi sitata kwa masekondi angapo kuti pampu ikoke oyilo. Kenako ilizeni, ndipo isanathe mphindi imodzi masulani kachivundikiro ka valavu yapamwamba muyang'ane. Muyenera kuona oyilo akuthovukira pa rocker mpaka kukudonthezerani pa dzanja. Mukaona pouma, zimitsani nthawi yomweyo mukafufuze njira ija.

Maola oyambirira yendani mosinthasintha liwiro, osakoka throttle yonse komanso osaisiya ikungolira pamalo amodzi nthawi yaitali. Pakatha ola limodzi khetsani oyilo, mudzamuona ali ndi kafumbi konyezimira ka maring'i atsopano. Thirani wina, ndipo injini ikazizira yezaninso mavalavu ndi manati a hedi.