Mwana Akatupa Tsaya Mosadziwika Bwino: Zoyenera Kuchita

Kuno ku Mangochi malungo tawazolowera ngati mnansi, koma ambiri sitidziwa kuti ali ndi dzanja pa khansa ya ana yotchedwa Burkitt lymphoma. Kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kadapezeka mu 1964, kamafala kudzera m'malovu, ndipo pafupifupi tonsefe tidakatenga tili aang'ono. Nthawi zambiri kamangogona m'thupi osavutitsa. Koma mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, chitetezo cha m'thupi chimatopa, kachilomboka kamapeza mpata, ndipo maselo ena a magazi amayamba kuchulukana mosalamulirika.

Choyamba, muyang'anitsitseni mwanayo. Chotupa chimakonda tsaya, nsagwada, kuzungulira diso kapena m'mimba. Mano amagwedezeka nthawi yogweluka isanakwane. Kawirikawiri sichipweteka, n'chifukwa chake makolo amachiyesa matsagwidi kapena vuto la dzino, n'kumadikira kuti chiphwa chokha.

Chachiwiri, musadikire. Apa ndiye pagona nkhani. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zofulumira kwambiri: chotupa chimatha kukula kuwirikiza kawiri m'masiku awiri okha. Sabata yomwe mwathera kwa sing'anga kutema mphini, kapena kumwetsa mwana Panadol wa pagolosale, ndi sabata yomwe matenda apita patali. Pitani kuchipatala chapafupi lero lomwe, kaya muli ku Makanjira, Namwera kapena Monkey Bay, mutanyamula kabuku ka kuchipatala ka mwanayo.

Chachitatu, auzeni adokotala tsiku lomwe mudaona chotupacho ndi momwe chakulira. Musalole kuti angozula dzino mubwerere kunyumba. Funsani mwaulemu ngati n'kotheka kukaonedwa ku chipatala cha boma cha Mangochi.

Akakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli wodi ya ana odwala khansa, pitani. Kumeneko amatenga kachidutswa ka chotupa kukapima, kenaka mwana amayamba kulandira mankhwala. Chotupa chimaphwa msanga, ndipo apa makolo ena amanyengeka n'kuthawa mankhwala asanathe. Chonde malizani ndondomeko yonse, chifukwa khansa yosiyidwa panjira imabwerera mwaukali.

Kunyumbako, ana onse azigona m'neti usiku uliwonse, osati kuiwezera usipa kunyanja. Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, ndipo funsani kusikelo za katemera wa malungo.