Galu wotonthoza odwala: ntchito yake imayambira pakhomo

Abale athu amene amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain ndi ku South Africa anazolowera kulandira mlendo wamiyendo inayi. Kamodzi pamlungu kumabwera munthu atagwira galu pachingwe, n'kumaima naye pampando uliwonse kuti agogo amusisite. Gogo amene wakhala duu mlungu wonse amatha kumasuka n'kuyamba kusimba za galu amene anali naye ali mwana. Ameneyu ndiye galu wotonthoza, amene kunjako amamutcha therapy dog. Alipo oweta amene akufunitsitsa kuchita zomwezi ndi agalu awo, ena kunjako, ena kwathu konkuno m'masukulu a ana aulumali ndi m'malo osamalira ana amasiye. N'zotheka ndithu. Koma ola limodzi limene anthu amaonerera lija ndi kachigawo chabe. Ntchito yeniyeni ili pakhomo, ndipo mbali yake yaikulu ndi kuteteza galuyo kuti asatope mpaka kufika podana ndi anthu.

Tisasokoneze galu ameneyu ndi uja wotsogolera munthu wosaona. Wotsogolerayo amatumikira munthu mmodzi moyo wake wonse wantchito, ndipo lamulo, monga Equality Act ya 2010 ku Britain, limamulola kulowa m'sitolo ndi m'malo odyera. Wotonthoza ndi galu wapakhomo ngati wina aliyense. Amalowa kokhako kumene waitanidwa.

Ntchitoyi si yachilendo. Katswiri wa maganizo a ana wa ku New York, Boris Levinson, analemba mu 1962 kuti ana amene ankakana kumulankhula ankamasuka galu wake Jingles akakhala m'chipindamo. Mu 1976 namwino Elaine Smith anayambitsa bungwe la Therapy Dogs International ku America, ndipo mu 1983 Lesley Scott-Ordish anayambitsa Pets As Therapy ku Britain. Kafukufuku wa mu 2019 pa Washington State University, amene anakhudza ophunzira 249, anapeza kuti kusisita galu kapena mphaka kwa mphindi 10 kumatsitsa cortisol, timadzi ta m'thupi timene timachuluka munthu akapanikizika maganizo. Izi sizikutanthauza kuti galu ndi mankhwala. Wodwala apitirize kumwa zimene adokotala anamupatsa; galu amangochepetsa kusungulumwa ndi mantha, ndipo chimenecho si chinthu chaching'ono kwa munthu amene wagona m'chipatala miyezi.

Funso loyamba limakhala lakuti, galu wa mtundu wanji? Mtundu si nkhani. Galu wathu wamba wam'mudzi, uja wofiirira wamchira wopindika, atha kuposa Labrador wogulidwa ndi ndalama zambiri ngati mtima wake ndi wofatsa. Chimene muyang'ane ndi ichi: mlendo akafika, kodi galuyo amamuyandikira yekha, thupi lili lomasuka, kapena amangopirira kugwidwa chifukwa inu muli pomwepo? Wopirira ameneyo musiyeni pakhomo, ndipo si mlandu. Kumvera n'kwina, kukonda anthu n'kwina.

Apa ndinenepo za kawetedwe kathu ka galu. Ambirife timaweta galu kuti alonde. Masana timamutsekera m'kakhola kamdima kuti asazolowere anthu, usiku n'kumumasula, ndipo ena amafika pomudyetsa tsabola kuti aluse. Galu woleredwa chonchi sangagwire ntchito ziwiri. Simungamuphunzitse kuti mlendo ndi mdani usiku, n'kuyembekeza kuti m'mawa akagoneke mutu pamiyendo ya mwana wa eni. Ngati mukufuna wotonthoza, muleredwe wake ukhale wina kuyambira ali kamwana.

Nthawi imene kagalu kamaphunzira msanga kuti dziko si loopsa ndi kuyambira milungu 3 kufika pafupifupi 14. M'milungu imeneyi kaone anthu osiyanasiyana: ana, agogo andodo, abambo a chipewa, munthu wa panjinga ya olumala. Kamve phokoso la chitsulo chikugwa, kayende pasimenti yoterera, kagwidwe makutu, mapazi ndi mchira mofatsa tsiku ndi tsiku. Poti katemera amakhala asanathe, kanyamuleni m'manja mukamatuluka nako, osakasiya pansi pamene pamadutsa agalu osadziwika. Koma kukayamba ntchito musafulumire. Pets As Therapy salandira galu wosakwana miyezi 9, bungwe la Pet Partners la ku America limafuna chaka chathunthu, ndipo onse awiri amafuna kuti akhale atakhala ndi mwini wake miyezi 6. Chifukwa chake n'chomveka: muyenera kumudziwa galu wanu bwino lomwe musanamuike pakati pa anthu ofooka.

Zomuphunzitsa sizambiri. Akhale pansi mukamuuza, abwere mukamuitana, ayende pambali panu chingwe chili lende, asalumphire anthu. Khungu la okalamba limang'ambika ndi chikhadabo chimodzi chokha. Koma mawu amene ndimaumirira kwambiri ndi akuti "siya". Pansi pa mabedi m'chipatala pamagwa mapiritsi, thonje ndi zakudya. Mapiritsi a ibuprofen kapena a matenda a mtima atha kupha galu wamng'ono. Yambani ndi kachidutswa ka nyama yophika m'dzanja lofumbata. Akasiya kununkhiza n'kuyang'ana kumbali, nenani kuti "siya" ndipo mupatseni china chochokera m'dzanja linalo. Kenako kachidutswako kakhale pansi mutakaphimba ndi phazi, pambuyo pake poyera. Mphindi zisanu, kawiri kapena katatu patsiku, n'zokwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndodo isagwire ntchito ngakhale pang'ono, pakuti galu womenyedwa amaopa dzanja lotambasuka, pamene ntchito yake yonse ndi kulandira manja otambasuka.

Pa zaumoyo, kwathu kuno chiwewe ndicho choyambirira. Pafupifupi anthu onse amene amafa ndi chiwewe amachitenga kwa galu, ndipo zizindikiro zikaoneka palibenso kuchira. Katemera woyamba ndi pamiyezi 3, kenako chaka ndi chaka, ndipo kapepala kake kasungidwe bwino kuti mukaonetse kumene mukupita. Mwayi ulipo: mu 2015 a Mission Rabies anabaya agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ku Lilongwe kuli bungwe losamalira ziweto la LSPCA, ndipo kuofesi ya zaulimi ya kwanuko akuuzani tsiku la katemera m'dera lanu. Palinso katemera wa matenda a agalu a parvo ndi distemper amene amayamba pamilungu 6 mpaka 8. Mankhwala a njoka za m'mimba aperekedwe miyezi itatu iliyonse, chifukwa mazira a njokazi amatha kulowa mwa ana amene amaseweretsa dothi n'kudya osasamba m'manja.

Nkhupakupa ndi utitiri zikhale naye kutali. Chonde musamuthire dibi wa ng'ombe mongoyerekeza muyeso. Agalu ambiri afa nazo zimenezi. Funsani a vetenale mankhwala oyenera galu ndi muyeso wake, ndipo mukamuthira mankhwala apakhungu padutse masiku awiri asanakacheze, kuti mankhwalawo asatsalire m'manja mwa odwala. Mukaona kabwalo kothothoka ubweya, ganizirani zipere kapena mphere. Zonsezi zimapatsirana kwa anthu. Galu wotsekula m'mimba, wosanza, wotsokomola, wabala, kapena wamkazi amene ali panyengo yofuna amuna, akhale kaye pakhomo.

Chakudya. Mkute wa nsima wokha sumanga thupi la galu. Muphikireni phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa kapena bonya, dzira lophika, zam'kati zophika ndi maungu pang'ono, kawiri patsiku. Amene mungathe kugula chakudya cha agalu cham'sitolo, gulani. Nyama yaiwisi ayi: imatha kukhala ndi salmonella, galu n'kumaoneka bwinobwino koma akufalitsa tizilomboto, ndipo Pet Partners salandira n'komwe galu wodya nyama yaiwisi. Anyezi, adyo, chokoleti, mphesa ndi mafupa ophika a nkhuku zikhale kutali. Madzi asasowe, galu wolemera makilogalamu 20 amamwa pafupifupi lita imodzi patsiku, kukatentha kuposa apo. Vuto limene limabwera mwakachetechete ndi kunenepa, chifukwa aliyense amafuna kumupatsa kabisiketi. Nyamulani timphatso take nokha, ndipo zimene wadya kocheza muchotsere pa chakudya chamadzulo. Nthiti zake zizimveka mukamusisita koma zisamaonekere patali.

Dzulo lake la ulendo musambitseni ndi sopo wa agalu, osati sopo waufa wochapira zovala, mupeseni ubweya, muwenge zikhadabo n'kuzisalaza. Kusamba kopitirira kamodzi pamlungu kumaumitsa khungu, choncho masiku ena kupesa n'kokwana. M'mawa mwake ayende kaye kuti achepetse mphamvu ndi kudzithandiza. M'chikwama mukhale madzi ndi kambale kake, timapepala totolera chimbudzi, kansalu koyala ngati wodwala akufuna galu pabedi, ndi sopo kapena mankhwala opaka m'manja. Aliyense asambe m'manja asanamugwire ndiponso akamaliza, pakuti ubweya wa galu utha kunyamula majeremusi kuchoka pabedi ili kupita pabedi ilo. Kunyambita nkhope kapena mabala n'koletsedwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala yesani phula ndi kuseri kwa dzanja. Likakuwotchani, liwotchanso mapazi ake. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu, choncho m'galimoto yotseka musamusiye ngakhale kwa kanthawi.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muigwiritsitse. Mukalowa m'chipindamo, maso anu akhale pa galu. Anthu alipo owasamalira; galu ali ndi inu nokha. Kugwidwagwidwa ndi alendo, fungo la mankhwala, ana akukuwa, zonsezi n'zolemetsa ngakhale kwa galu wokonda anthu. Pet Partners amaika malire a maola awiri patsiku, koma kwa woyamba kumene mphindi 20 n'zokwana, ndipo agalu ambiri akafika ola limodzi amakhala atathedwa. Galu wotopa amanena, kungoti amanena motsitsa. Amayasamula chonsecho alibe tulo. Amanyambita mphuno pafupipafupi. Amatembenuzira mutu kumbali diso likuonetsa koyera. Amachita wefuwefu kunja kusakutentha, makutu amagona kumbuyo, mchira umatsika, amakana kanyama kamene amakakonda, amayang'anayang'ana kukhomo kapena kubisala kumbuyo kwa miyendo yanu. Mukaona ziwiri mwa izi, tsanzikani mwaulemu n'kutuluka naye panja. Akapuma n'kufuna kubwerera, bwererani. Akakokera kunjira ya kunyumba, pitani.

Chizindikiro choopsa kwambiri ndi kuuma thupi, galu kungoti njo osagwedezeka pamene mwana wamukumbatira. Anthu amati, "Taonani kufatsa kwake!" Kumeneko si kufatsa, chotsatira chake ndi mano. Ndipo akalirira kukhosi pochenjeza, musamukalipire. Mukamulanga chifukwa chochenjeza, ulendo wina adzaluma osachenjeza. Muchotseni pamenepo, mukaganize kunyumba chimene chinamupweteka.

Njira yabwino ndi kuphunzitsa anthu kagwiridwe. Galu abwere yekha kwa munthu, osati kukokedwa. Asisitidwe pachifuwa kapena paphewa, osati pamwamba pa mutu. Ana abwere mmodzimmodzi kapena awiriawiri, osamuzinga, osamukwera. Kusukulu n'kwabwino kwambiri kuti galu agone pamkeka mwana n'kumamuwerengera buku. Njira imeneyi inayamba mu 1999 ku Salt Lake City, ndipo imathandiza mwana wamanyazi chifukwa galu saseka wina akaphonya mawu.

Nawonso anthu ali ndi ufulu wokana. Musalowe paliponse popanda chilolezo cha akuluakulu a pamalopo, ndipo pabedi lililonse funsani kuti, "Agogo, kodi mungakonde kuti galuyu akuyandikireni?" Ambiri kwathu analumidwapo kapena kuthamangitsidwa ndi galu, ndipo mantha awo ndi enieni. Abale athu achisilamu ambiri sakhudzana ndi malovu a galu chifukwa cha chipembedzo. Lemekezani zimenezo popanda kuwanyengerera. Odwala mphumu, amabala osapola ndi amene chitetezo chawo cham'thupi chatsika kwambiri, anamwino ndiwo anene ngati n'koyenera. Amene muli ku Britain kapena ku South Africa, dzerani m'bungwe lovomerezeka, chifukwa limayesa galu wanu, limafufuza mbiri yanu ndiponso limapereka inshuwalansi. Ngozi ikachitika, wina akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, dziwitsani eni malo, ndipo munthuyo aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo ngakhale galu ali ndi katemera.

Mukabwerako, vulani kansalu kapena lamba wake wantchito, mupukuteni mapazi, mupatseni madzi, n'kumusiya agone pamalo pake popanda ana kumusokoneza. Galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 patsiku, ndipo tsiku la ulendo amapitirira. Ulendo umodzi kapena awiri pamlungu n'zokwana. Masiku otsalawo akhale galu chabe: athamange, anunkhize m'tchire, akumbe, aseweretse mpira.

Akamakula muziona kusintha. Galu wazaka 8 kapena 10 amayamba kuvutika kudzuka pasimenti, makutu ndi maso zimafooka, ndipo dzanja lomugwira modzidzimutsa limamuopsa. Pet Partners amayesanso agalu awo zaka ziwiri zilizonse pa chifukwa chomwechi. Inu muli ndi muyeso wapafupi: mukatulutsa chingwe ndi kansalu kantchito, kodi amabwera akugwedeza mchira kapena amakagona kuseri? Akayamba kuzemba, mutengereni kwa a vetenale akamuone ngati pali chikumupweteka, fupikitsani maulendo, ndipo zikapitirira kauzeni a kumalo kuja nthawi ikadalipo kuti agogo ndi ana amene anamuzolowera amutsanzike bwino.