Momwe mungadziwire mtundu wa nambala yaikulu monga 33,550,336

Nambala yaikulu imazindikirika bwino mukaigawagawa mpaka mutapeza nambala zing'onozing'ono zimene zinachulukitsidwa kuti ipangike. Tiyeni tiyese ndi 33,550,336, ndipo chofunika ndi pepala, cholembera ndi kakyuleta ya pafoni basi.

Yambani ndi kuyang'ana kumapeto kwake. Popeza ikuthera ndi 6, imagawika ndi 2, koma siingagawike ndi 5. Kenako wonkhetsani manambala ake onse asanu ndi atatu, ndipo mupeza 28. Popeza 3 salowa mu 28 popanda chotsala, ndiye kuti salowanso mu nambala yathuyi.

Tsopano igaweni ndi 2 mobwerezabwereza, mukulemba yankho lililonse. Mupeza 16,775,168, kenako 8,387,584, ndipo mukagawa ka 12 mufika pa 8,191, imene 2 sailowa.

Apa m'pofunika kudekha. Tiyenera kudziwa ngati 8,191 ndi prime number, kutanthauza nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yokha. Sikofunika kuyesa nambala zonse, chifukwa 91 kuchulukitsa ndi 91 ndi 8,281, zomwe zapitirira kale; motero mungoyesa ma prime number 24 oyambira 2 kulekezera 89. Palibe ngakhale imodzi imene ilowe ndendende. Musathamangire kuganiza kuti zili choncho chifukwa 8,191 yangoperewera ndi 1 kufika pa 8,192, yomwe ndi ma 2 okwana 13 ochulukitsidwa pamodzi. Nambala 2,047 ili ndi maonekedwe omwewo, komabe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Nambala za maonekedwe amenewa zimene zilinso ma prime number, monga 8,191, zimatchedwa Mersenne prime, potengera dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France.

Mukatero, pezani nambala zonse zimene zimalowa mu 33,550,336. Pali 13 zoyambira 1, 2, 4, 8 mpaka 4,096, ndiponso zina 13 zimene mumazipeza pochulukitsa iliyonse mwa zimenezi ndi 8,191, zonse pamodzi 26. Gulu loyambalo mukaliwonkhetsa likupereka 8,191, lachiwirilo likupereka 8,191 kuchulukitsa ndi 8,191, choncho zonse 26 zikwana 8,191 kuchulukitsa ndi 8,192, yomwe ndi 67,100,672. Mukachotsapo nambala yathuyo, chotsala ndi 33,550,336 yomweyo.

Nambala yotere, yofanana ndi chiwonkhetso cha zonse zoilowa kupatulapo iyo mwini, imatchedwa perfect number, ndipo iyi ndi yachisanu pambuyo pa 6, 28, 496 ndi 8,128. Chiwonkhetsocho chikadaposa nambalayo ikadakhala abundant, chikadachepa ikadakhala deficient. Euclid anasonyeza kuti Mersenne prime iliyonse imabala perfect number m'njira imeneyi, ndipo Leonhard Euler anatsimikiza m'zaka za m'ma 1700 kuti perfect number iliyonse yogawika ndi 2 imapangika motero.

Pomaliza onani ngati ili triangular number, imene imapezeka powonkhetsa nambala zotsatizana kuyambira 1. Kuwonkhetsa 1 mpaka 8,191 n'chimodzimodzi kuchulukitsa 8,191 ndi 8,192 n'kugawa ndi 2, ndipo yankho lake ndi 33,550,336.